Nkhoswe M'khola la Makoswe

Usiku wathawu ndinalota bondo langali litandithawa. Musaseke a Matewere, ikani kaye pansi nkhomo zili m'manjazo, bawo sathawa.

Koma kuti mumve bwino ndiyambe ndi za masana. Mukumukumbuka Zione, mwana wa malemu mlongo wanga, uja ndinamuimira unkhoswe? Ali ku Blantyre, amagwira ntchito pamalo ena a kafukufuku. Kumeneko amaweta makoswe oyera odwala mawondo, n'kumawayendetsa pa lamba wa magetsi kuti aone ngati kuyenda kumachepetsa nyamakazi. Inde, ntchito zilipo padziko pano. Tsono mwamuna wake, Fanuwelo, analeka kudya chophika iye, akuti sangadye za manja ogwira makoswe. Akuti asankhepo chimodzi, ntchito kapena banja. Mwanayo wakhala akundiimbira foni chiyambire mvula, mawu ake omwewo: “Malume, bwerani. Kuchoka sindingachoke, kukhala sindikukhala, mpaka inu ndi a Kadzamira mutakhala pansi.” A Kadzamira ndiwo nkhoswe ya kuchimuna. Ine yankho langa ndi limodzi, bondo. Ndipo si bodza ayi. Zaka zonse ndapalasa makina osokera zija zinandimwera mafuta a m'bondomu, pamene nyumba ya Zione ili pamwamba penipeni ku Chilobwe, kumene ngakhale akabaza amakana kukwera.

Dzulo anaimbanso. Sanalire, anangoti, “Malume, makoswe athu amene timawasiya chikhalire ndi amene amauma mawondo msanga. Oyenda pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku amakhalako bwino.” Ine mtima unandipsa. Ndinati, “Iwe, ukundiyesa khoswe ine?” n'kudula foni. Ndinagona ndi mkwiyo umenewo.

Ndiye m'malotomo dzuwa linali paliwombo, ine ndili pakhonde la shopu ndikusoka buluku la miyendo itatu, ndipo sizinandidabwitse. Mwadzidzidzi ndinangomva kuti phwe! Bondo lachoka. Linatsetsereka ndi mwendo wa thalauzi mpaka pansi, n'kuima patsogolo panga litavala chipewa changa cha kutchalitchi.

“Bambo Kamtedza,” linatero, “ine ndatopa kukhala mboni yanu.”

“Mboni ya chiyani? Kodi sumawawa iwe?”

“Kuwawa ndimawawa. Koma mumandiwawitsanso ndi pakamwa. Foni ikangolira, dzina loyamba kutchulidwa ndi langa.”

Ndiye linatembenuka n'kuyamba kugubuduka kulowera kumsewu. Makina anga osokera anatsokomola kaye, kenaka anati, “Litsateni bwana. Telala wopanda bondo ine sindimudziwa.” Ndinanyamuka ndi mwendo wolendewera ngati thaulo lonyowa, n'kukwera minibasi imene m'malo mwa matayala inali ndi mawondo anayi a anthu okalamba. Inkayenda ikulira kuti kwee, kwee, ndipo pachitunda chilichonse tinkatsika tonse kukaisisita.

Ndiye tinafika pageti la nyumba yaitali yoyera. Mlonda anali atavala yunifomu yosita bwino, chifuwa chili patsogolo. Pamene ankandiyang'ana, khosi lake linayamba kufiira ndi kulendewera, kumbuyo nthenga zinatambasuka, basi munthu wasanduka nkhukundembo, koma chipewa chikadali kumutu.

“Ndinu ndani?”

“Ndine nkhoswe.”

“Khoswe? Makoswe khomo la kumanzere.”

“Ndati nkhoswe! Pali n kutsogoloko.”

“Ameneyo musiye pageti pompano,” inatero nkhukundembo. “Mkatimo salowa ndi katundu.”

Inanditola n uja pakamwa ndi mlomo wake, n'kumupachika pamsomali pamodzi ndi maambulera a anthu. Ndinayesa kutchulanso udindo wanga, koma chotuluka chinali khoswe basi. Nanunso a Jailosi mukuseka, koma ine zinandiwawa. Munthu wa imvi zanga, amene ndinakhala pamphasa pamaso pa mabanja awiri n'kulandira nkhuku m'manja mwangamu, lero ndikulowera khomo la makoswe.

Mkatimo ndinapeza dokotala wamkulu wa jasi loyera, wamtali, wolankhula mofatsa. Ndiye akuyenda kudza kwa ine, miyendo yake inaonda, mawondo anapindikira kumbuyo, jasi lija linasanduka nthenga. Anali kakowa. Patebulo pake panali mbale yagalasi, ndipo m'mbalemo munakhala bondo langa, lili phee ngati mlendo woyembekeza tiyi.

“Pano tili ndi magulu awiri,” anatero a kakowa. “Okhala ndi oyenda. Makoswe enieni sitiwafunsa, timangowagawa. Koma inu ndinu a mtundu wachilendo, sankhani nokha.”

Ndinasankha okhala. Inunso mukadatero, musanditonze.

Khola la okhala linali labwino zedi. Mipando ya khushoni, mthunzi, madzi ozizira otsika ndi kapaipi. Munadzaza azibambo a majekete ndi mataye, aliyense foni yake ili m'thumba ikulira, aliyense akuisisita ngati mwana kuti igone. Ndinayang'ana pansi pa mipando, ndipo ndinaona michira. Pakona panakhala a Kadzamira, ndevu zawo zitatalika cham'mbali, akutafuna chitsononkho.

“Inunso muli kuno, achimwene?” ndinawafunsa.

“Ine ndi msana,” anayankha. “Inu?”

“Bondo.”

Tinagwedezerana mitu mwaulemu, monga achitira anthu odziwana matenda. Ndiye anandisendezera mpando n'kunena kuti, “Khalani. Za anawa zidzatha zokha. Mukathamangira nkhani za m'banja mumangotsala ndi manyazi, eni ake atagwirizana kuchipinda. Ndiponso Zione angakutayeni? Chibale n'fupa, sichiola.”

Mawu amenewo anandikomera, ndinawamva ngati madzi otentha pabondo. Koma kuchokera patebulo paja bondo langa linakweza mawu.

“Fupa siliola, n'zoona a Kadzamira. Koma mundifunse ine zimene limachita likangokhala.”

Mwadzidzidzi ndinamva kuyabwa kumapeto kwa msana. Nditapisa dzanja ndinakhudza kanthu kofewa, kakumera.

Ndiye khoma la khola linasungunuka, ndipo ndinapezeka ndaima pambali pa lamba uja. Anali wamtali ngati msewu wa ku Zomba, koma osapita kulikonse. Pamwamba pake pankayenda makoswe oyera mumzere, mwakachetechete, tiziphazi tawo tikungoti tswa tswa tswa. Kumapeto kwa mzere kunali khoswe wokalamba wa maso ofiira, akutsimphina mwendo wakumbuyo. Anandiyang'ana osaima.

“Moni wawa. Ndinu malume ake a mayi uja amatisamala?”

“Wandidziwa bwanji?”

“Amakutchulani akamatipatsa chakudya. Manja ake ndi ofunda mayi ameneyo. Amatigwira ngati mazira.”

Ndinakumbuka Fanuwelo ndi mbale yake yosakhudzidwa, ndipo ndinamva chisoni chimene sindinachimve pafoni masiku onsewa.

“Nanga mukupita kuti?” ndinafunsa.

“Kulibe. Ife tinabadwira muno, bondo anachita kutidwalitsa, ndipo tidzafera muno. Akuti tikuyendera mawondo a anthu. Tsiku lililonse ndimadzifunsa kuti mwini wake wa ulendo wangawu ndani, akuoneka bwanji. Lero ndakuonani.” Anapitiriza kulankhula akuyendabe. “Sindikudandaula, wawa. Kungoti ine ndili ndi ulendo wopanda kofika. Inu muli ndi kofika.”

Kunena zoona, anzanga, moyo wanga wonse khoswe ndimamuonera kumapeto kwa mtengo kapena mumsampha. Sindinaganizepo kuti pali wina amene amadzuka m'mawa kukayenda m'malo mwanga.

“Koma ine si khoswe,” ndinatero motsitsa mawu.

“Tikusiyana kachilembo kamodzi,” anayankha. “Kayang'anitsitseni bwino. Kali ndi miyendo iwiri, pamwamba n'kupindika ngati bondo.”

Nditacheukira pawindo ndinaona n uja watsika pamsomali yekha, akuyenda mumsewu ndi timiyendo take tiwiri, nkhukundembo ikumuthamangitsa ndi chibonga. Ankalowera ku Chilobwe.

Ndiye mwadzidzidzi makoswe onse anazimirira, ndipo pa lamba paja panatsala munthu mmodzi. Anali Zione. Anavala jasi lake la kuntchito, pamwamba n'kumanga chitenje cha pachinkhoswe chake, chija ndinasoka ndekha. Dzanja limodzi ananyamula sutikesi, lina mbale ya chakudya yovundikira. Ankayenda, thukuta lili kamukamu, koma lamba ankamubwezera pomwepo. Kutsogolo kwake kunali chitseko chotulukira, kumbuyo chitseko cholowera, ndipo sankafika ku chilichonse.

“Zione! Tsika pamenepo!”

“Sindingatsike, malume,” anayankha osandiyang'ana. “Munandikweza ndinu ndi a Kadzamira. Chozimitsira chili kwa inu.”

Ndinafufuza m'matumba monse. Ndinapeza choko, tepi yoyezera, mabatani, koma chozimitsira munalibe. Ndinafunsa a kakowa, iwo anangoloza ndi mlomo kumapeto kwa lamba, kutali, kumene kunkaoneka kanyumba pamwamba pa phiri.

“Amazimitsira uko,” anatero. “Kuno timangoyatsa.”

Ndiye ndinakwera pa lamba ndi mwendo wanga wolendewera uja, n'kugwa chafufumimba. Ndinadzuka, n'kugwanso. Pamenepo bondo linadumpha m'mbale muja, linavula chipewa mwaulemu, n'kubwerera pamalo pake kuti khwa! Ululu wake, a Matewere, ndinaona nyenyezi masana.

“Ndimayesa ukabwerera uleka kuwawa,” ndinalidandaulira.

“Ndani anakulonjezani zimenezo? Tiyeni.”

Mkwiyo unandigwira, wa bondo, wa Fanuwelo, wa a Kadzamira, ndipo ndinayamba kuthamanga. Ndinkakonza mawu oti ndikamulalatire mkamwini ameneyo mpaka anthu oyandikana nawo atuluke. A kakowa anauluka n'kudzatera paphewa langa.

“Bwezani moto, bambo. Othamanga mopitirira timawaika gulu lachitatu, la oononga. Bondo lodwala salilanga.”

“Nanga ndiyende bwanji?”

“Liwiro loti mpweya wolankhulira utsaleko. Mukafika muli wefuwefu, mukanena chiyani kwa anawo?”

Ndinachepetsa. Phazi ili, kenaka linzake. Poyamba bondo linkalira ngati chitseko cha kukhitchini, kenaka linayamba kufunda, kulira kuja n'kumachepa, ngakhale kuwawa kunalipobe. Ndiye lamba uja anasanduka dothi lofiira, dothi linasanduka miyala, ndipo ndinazindikira kuti ndikukwera njira ya ku Chilobwe. Zione sanalinso patsogolo panga. M'mbali mwa njira munali amayi ogulitsa makala, ndipo makalawo ankanong'onezana m'matumba kuti, “Ndi amenewa malume aja? Tinkayesa anamwalira.” Kumbuyo ndinamva wina akupuma movutikira. Anali a Kadzamira, atagwira msana ndi dzanja limodzi, lina atanyamula mchira wawo kuti usakwekwereke pansi.

“Musathamange achimwene,” anatero. “Ndaona kuti m'khola muja mwayamba kuzizira.”

Tinafika pakhomo dzuwa likadali pomwe lija, paliwombo. Nyumba inali yotseka, makatani otsitsa. Pakhonde panali nsapato za Fanuwelo zokha. Ndinaima kuyang'ana pamene pankayenera kukhala za Zione, ndipo mantha anandigwira, enieni, oposa aja a mchira. Ndinaganiza za mlongo wanga, kuti akadakhala moyo akadakwera phiri limeneli ngakhale chokwawa, mvula yoyamba isanagwe. Ndinati odi, koma mawu sanatuluke. Ndiye ndinagogoda. Go, go, go. Mkatimo zii. Ndinagogodanso mwamphamvu, go, go, go, ndikuitana dzina la mwanayo, ndikumvetsera ngati mumveka phazi la munthu. Go, go, go.

Ndinatsegula maso. Kunja kunali kutayera, ndipo kugogoda kuja kunkapitirirabe. Ndinasuzumira pawindo. Anali mayi a kunyumba, Nasibeko, atakhala pakhonde, akumenyetsa nsapato zanga za ulendo pasitepe kuti mutuluke fumbi ndi mphemvu.

“Mwadzuka?” anatero osatukula mutu. “Mwandisowetsa tulo, kukuwa kuti ndikubwera, ndikubwera. Ndiye ndati ndikukutumulireni nsapatozi. Kapena mumauza wina?”

Bondo linali kuwawa chimodzimodzi ngati dzulo. Chitseko chija sindinaone ngati chinatseguka. Ndinamuuza Nasibeko kuti azipake ndi polishi yemwe.