Njinga ya Lameki ndi Mapazi Anga

Lolemba

Lameki wadutsanso pakhomo pathu, belu la njinga ngiringiri, ngati msewu analambula ndi bambo ake. Msuweni wanga ameneyu, chiyambireni sekondale ya kutsidya kwa mtsinje wa Lisungwi, moni wake ndi wa m'mphuno. Akuti kumeneko kuli labu, kuli mabotolo a sayansi, kuli mafupa a munthu wathunthu opachika pakhoma.

Nanga ife kuno? Timalowa masana, ana a pulayimale akaweruka, n'kukhala pa timabenchi tawo mawondo ali kukhosi. Aphunzitsi a sayansi amanyamula choko m'mwamba n'kunena kuti, "Tiyerekeze kuti ili ndi botolo."

Inde, kuno ndine nambala wani. Koma nambala wani wa anthu oyerekeza botolo!

Ndawauza abambo kuti ndikufuna kusamukira kutsidya. Ayankha akusema mpini: "Njinga ndilibe. Kuyambira mawa mpaka Lachisanu uziyenda wapansi, uzikagwira geti yawo belu lisanalire, ubwerere kudzaphunzira kuno masana. Ukatha, ndikaonana ndi ahedi akumeneko. Mboni ndi Lameki."

Mwa anthu onse, Lameki.

Lachiwiri

Zonyamula: chinangwa chophika, mtima wolimba, nsapato paphewa. Nsapato za sukulu siziyenda mumsewu, zimavalidwa ukaona geti.

Chitunda, chigwa, chitunda china. Neno ameneyu anamupinda ndani? Ndili wefuwefu pa chitunda chachitatu, kumbuyo ngiringiri. "Limba, msuweni," akutero Lameki, n'kundisiyira fumbi.

Ndikufika belu litalira kalekale. Ndasuzumira pampanda: udzu wotchetcha, mawindo agalasi, atsikana a masokosi oyera. Mtima ukundiwawa kuposa miyendo.

Masana ndasinza m'kalasi mwathu. Sindinaphonye kanthu, amayerekeza moto.

Lachitatu

Tsiku la msika. Pamphambano paima anyamata a chipani a malaya ofiira, akufunsa makhadi. Langa lili m'thumba la kabudula amene amayi anyika dzulo. Lameki latuluka m'thumba la shati, louma bwinobwino, wadutsa akuimba likhweru.

Ine ndazemba, ndadzera kutchire. Kutchireko kuli chitedze.

Ndafika pageti ndikuvina gule wopanda ng'oma, kukanda khosi, kukanda msana ndi nsapato. Atsikana a masokosi oyera aseka mpaka kugwirana. Mmodzi wafunsa Lameki ngati amandidziwa. Iye akuti, "Ndi wa kumudzi kwathu." Osati msuweni, eti. Wa kumudzi.

Lachinayi

Mvula yagwa kumapiri, mtsinje wadzaza. A njinga amazungulira kumlatho. Ine wanzeru ndati ndidule pamene timawolokera masiku onse, nsapato nditasenza pamutu. Pakati pamadzi phazi laterereka. Ya kumanzere yapita. Pano mwina ili ku Shire, yafika kutali kuposa mwini wake.

Ndabwerera osaona ngakhale denga la sukulu. Amayi ayang'ana yotsalayo nthawi yaitali. "Imeneyi uzivala tsiku liti?"

Madzulo Lameki akupukuta njinga yake ndi kansanza. Ngakhale matope amamukhala bwino.

Lachisanu

Ndadzuka nkhuku zisanatsike. Chimanjamanja, phazi pansi. Ndagwira geti belu lisanalire, lero lokha!

Sindinabwerere msanga. Ndazembera kuseri, ndasuzumira pawindo la labu. Zonse n'zoona. Mabotolo enieni. Kamoto kobiriwira kotuluka m'kachitsulo. Mafupa aja ali pakhoma, akuseka. Ndatsala pang'ono kulira.

Ndipo kumbuyo kwenikweni, mutu uli padesiki, kukamwa yasa, dovu pabuku: Lameki. Mnzake akumugwedeza, iye osatekeseka. Ulendo wa tsiku ndi tsiku wamumaliza. Zinthu zimene ine ndatayira nsapato kuti ndingoziona pawindo, iye akuzigonera tulo.

Mulungu amapatsadi nyama osowa mano.

Loweruka

Chigamulo cha abambo: "Kamodzi si sabata. Ndiponso sukulu imeneyo yadya kale nsapato usanalembetse n'komwe." Nkhani yatha.

Mapazi atupa ngati zigumu. Komabe ndatsimphina mpaka kwa amalume, bambo ake a Lameki, kukabwereka mpeni umene sindikuufuna. Pocheza ndangoti, "Koma Lameki amatopa, amalume. Dzulo m'labu muja amachita kuliza mkonono." Ndanena mwachisoni, nkhope yogwa.

Amalume angoti, "Eti?" Kenako aitana Lameki kuseri kwa nkhokwe.

Ndabwerera kunyumba osatsimphina kwenikweni.

Lamulungu

Potuluka m'tchalitchi amalume andigwira paphewa. "Wachita bwino kundiuza, mphwanga. Sukulu yabwino n'njachabe ngati mwana akukagona. Kuyambira mawa Lameki aziphunzira kuno ndi iwe."

Njinga sakumulanda. Akuti azipitira kuchigayo.

Ndimayembekeza kuti Lameki andikwiyira. Wandikumbatira. Wagona mokwanira kale, maso ali gwa. "Wandipulumutsa, msuweni. Zimene mukuphunzira panozi ife tinamaliza temu yatha. Paja nambala wani kuno ndani?"



Zimene ndapeza sabata ino: nsapato imodzi, zipsera za chitedze, ndi Lameki pabenchi langa, munthu woti botolo analigwira ndi manja.

Basi. Mawa aphunzitsi akakweza choko, ine ndidzayerekeza kuti ndikadali nambala wani.