Maluwa a Phala la Chinangwa

Lolemba

Mapoto, tsalani bwino! Lero ndiye lero.

Msonkhano wa banja kwa ba Anti Esnati ku Chawama, wokonzekera khitchini pate ya Tiya, mng'ono wanga. Loweruka lino amayi okhaokha asonkhana kudzampatsa ziwiya ndi malangizo asanalowe m'banja. Ba Anti akugawa ntchito, ndipo dzina langa likupita kumene limapita chikhalire: kuseri kwa nyumba, ku mapoto. Pamaliro, ine ku mapoto. Paukwati, ine ku mapoto. Pa zithunzi zonse za banja lathu chooneka cha ine ndi chigongono chokha, kumbuyo uko pafupi ndi diramu la madzi.

Koma Tiya akukweza dzanja. Mwana wofatsa uja, woti ngakhale umuponde amapepesa ndi iyeyo. "Ba Anti, ba sisi banga baziba vokongoletsa. Bapatseni chabe." Ba Anti akundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi. "Tizaona."

Muonadi. Ndipanga chipata cha maluwa a pepala, aakulu ngati beseni, pamwamba pa mpando wa mkwatibwi. Ndinachiona pa foni. Mtima ukungodumpha, m'minibasi ndamwetulira kondakitala mpaka wachita manyazi.

Zofunika:
- mapepala apinki ndi oyera (ndagula kale ku msika wa Kamwala)
- waya
- sizasi ya amake Juniya, neba wanga wogulitsa vitumbuwa
- nsapato zazitali, poti wokongoletsa sayenda ndi mapatapata

Kavuto kamodzi kokha: pepala ndi lofewa. Duwa loyamba laima pang'ono, kenako lagona ngati ndiwo za chibwabwa zofota. Mayi wa pa foni uja amapopera mankhwala a m'botolo, pepala n'kuuma gwa. Wogulitsa ku Kamwala nditamuonetsa chithunzi cha botololo wangoti, "Ni vichani ivo?" Palibe kanthu. Malemu amayi ankalimbitsa kolala ya bulauzi yawo ya kutchalitchi ndi phala la chinangwa, kolala n'kumaima yokha mpaka ulaliki kutha. Pepala ndi ndani kuti likane?

Lachiwiri

Zatheka! Ayi ndithu, mutu uwu unkangowonongekera ku mapoto.

Ufa wa chinangwa, madzi ambiri, pambaula, kutakasa mpaka phala lionekere mkati. Ndikupaka ndi mswachi wakale, tsamba limodzilimodzi, n'kuyanika pachingwe. Dzuwa laswa mtengo. Pofika masana pepala lija likulira ukaligogoda ndi chala. Ndavina ndekha pakhomo, agalu a ba landilodi akundiyang'ana.

Zing'onozing'ono zofunika kukonza:
- utoto wa pinki ukusuluka, manja anga ali psuu mpaka m'zigongono
- masamba ena apindika, akukana kuwongoka
- akauma akuoneka mbuu, ngati miyendo ya munthu wosadzola

Za mbuuzo amake Juniya ali ndi mankhwala ake. Aima pachingwe, manja m'chiuno. "Ikanimo shuga, mwandi. Vizang'anima monga masikono." Munthu ameneyu wakhala pa mafuta ndi ufa moyo wake wonse, ndingatsutsane naye ine? Ndathira shuga. Ndaona ngati wachepa, ndathiranso.

Waliwali! Maluwa akunyezimira moti ndikudziona nkhope. Ndalawako phala lotsala, n'lokoma kuposa la m'mawa.

Ndayamba kuganiza za dzina la kampani yanga.

Lachitatu

Mvula.

Mvula ya kwathu kuno ku Kanyama siigwa kuti ipite, imabwera kudzakhala. Madzi afika pakhomo, sanaodire n'komwe, alowa. Ndavala majombo m'nyumba mwanga momwe. Maluwa onse ndawapachika kudenga, pamwamba pa bedi, pa chingwe cha neti. Kukongola kwake! Ndikagona chagada ndikukhala ngati ndamwalira ndili wolemera.

Koma sakuuma. Ngakhale aja anauma dzulo abwerera m'mbuyo, ali nyetenyete, akumata zala. Shuga akukoka chinyezi, kaya.

Nzeru yoyamba: kuwayandikiza pambaula. Duwa limodzi lapsa lonse, lawi mpaka kudenga, nsidze yanga yakumanzere yapita nalo.

Nzeru yachiwiri: kusita. Magetsi kulibe, anapita dzulo osatsanzika. Ndabwereka simbi ya makala kwa amake Juniya. Kungoika simbi papepala, tsaa! shuga wasungunuka, wasanduka switi, pepala lakakamira kunsi kwa simbi ndipo likukana kuchoka. Nyumba yonse ikununkhira ngati bekare. Mayi wina wodutsa m'madzimo wagogoda kufunsa ngati ndayamba kugulitsa makeke.

Simbi ndaibisa kaye pansi pa bedi, pamwamba pa njerwa. Mwini wake ndimuuza tsiku lina mtima wake ukadzakhala pamalo.

Sindikudandaula. Chipata sichifunika maluwa mbali zonse. Mbali imodzi yokha, inayo n'kusiya waya poyera, ndiye zamakono.

Lachinayi

Ndadzuka ndi tizidutswa ta pinki kumaso.

Alendo anabwera kudzadya ndili mtulo. Mphemvu za mu Kanyama monse, pamodzi ndi azibale awo othawa madzi. Makoswe nawo asiya umboni pa pilo. Adya mwadongosolo ndithu: ayamba ndi maluwa a shuga wambiri, oyamba aja opanda shuga sanawakhudze n'komwe. Ndiye kuti ndimaphika bwino.

Ndakhala pabedi, mapazi m'madzi, ndalira pang'ono. Kenako ndaseka, poti duwa lina aliboola bwino zedi m'mbali monse, likuoneka ngati lesi ya diresi. Limenelo ndalisunga.

Nzeru yachitatu: katoni. Ndikamata pepala pa katoni, liima lifune lisafune. Ndapempha makatoni kwa mayi wogulitsa pa kantemba. Ndadula, ndamata ndi phala lomwe lija. Laima nganganga! Koma phala litalowerera, zilembo za pa katoni zatulukira kuseri kwa pepala loyera. Duwa lokongola, pakati pake pakuwerengeka bwinobwino kuti mafuta ophikira. Lina likuonetsa chithunzi cha nkhuku.

Komanso katoni imodzi munali tinsomba touma ta kapenta. Mphaka wa ba landilodi wakhala pawindo tsiku lonse, sakuphethira.

Tiya watumiza uthenga. "Ba sisi, vili bwanji?" Ndayankha kuti vili mushe, ndaikapo timitima. Iye akuti wauza kale a kuchimuna kuti mkulu wake ndi dekoleta. Mawu amenewo ndawawerenga mobwerezabwereza. Palibe munthu ananditchulapo dzina la ntchito chibadwire.

Chipata chasanduka theka la theka. Tingoti kansambo ka maluwa kuseri kwa mpando.

Lachisanu

Dzuwa! Ambuye ndi abwino.

Opulumuka onse ndawayanika pamalata, ine ndili pambali ndi ndodo ya ntchentche. Auma. Ndaphika phala lomaliza, ndawapakanso kuti abwezere kuwala. Shuga wanga anatha, ndakongola kapu kwa amake Juniya. Afunsa za simbi, ndayamba kutsokomola.

Ba Anti aimba foni, akufuna chithunzi. Ndajambula duwa limodzi, la lesi lija, pafupi kwambiri. Ndawatumizira, aimbanso. "Ngati vakukanga, ukambe manje. Ku mapoto kulibe munthu." Ndawauza kuti afune munthu wina, ine ndili ndi dipatimenti yanga.

Maluwa sagonanso m'nyumba muno ndi mphemvu. Ndawanyamula pamutu mpaka pa siteshoni, m'minibasi ndawalipirira mpando wawo. Ku Chawama tenti aimika kale pabwalo la ba Anti, mbali imodzi yatsamira mtengo wa mango. Mwayi wanga! Nthambi yatsika ndendende pamene pakhale mpando wa mkwatibwi. Ndamangirira waya kunthambiko, maluwa ali lende, akuwala ndi dzuwa la madzulo. Pansi sakukhudza. Khoswe wofika pamenepo akhale ndi mapiko.

Ndaima patali kuwayang'ana. Malemu amayi akanaona.

Nsidze ndajambula ndi pensulo. Yafanana ndi inzake, pafupifupi.

Loweruka

Ndilemba mmene zayendera.

Poyamba ulemerero. Nsapato zazitali, chitenje chatsopano, ine kutsogolo. Azimayi akujambulitsa pa maluwa anga. Wina wa kuchimuna wapempha nambala yanga. Utsi wa ku mapoto ndikungouonera patali.

Ng'oma zayamba. Alangizi akulowa naye Tiya, wofundidwa chitenje kumutu, pang'onopang'ono, n'kumukhazika pansi pa maluwa. Amuvundukula, nthungululu. Mwambo wake aliyense amaudziwa: mkwatibwi maso pansi, manja pamiyendo, osaseka, osayankhula, osadzikanda, mpaka mphatso yomaliza. A kuchimuna amakhala akuyang'ana pamenepo kuti aone ngati mwana analangidwa.

M'tenti mwadzaza anthu, thukuta, kutentha. Duwa lalikulu layamba kufewa. Likuwerama, likuwerama, mpaka latsamira pakhosi pa Tiya, kumbuyo. Ndikuti basi, likuoneka ngati ndinachita dala.

Kenako ndikuona kuti duwa lapinki lili ndi timadontho. Sindinaikemo timadontho ine. Timadonthoto tikuyenda.

Nyerere zofiira za mumtengo wa mango! Mzere wake kuchokera kunthambi, kutsika ndi waya, kudutsa pa duwa, kulowa m'bulauzi ya mng'ono wanga. Kupita pamenepo mwambo uli pakati sindingathe, kufuula sindingathe.

Tiya ali phee. Misozi yokha ikutsika. Mlangizi wamkulu akuloza, "Onani mwana wophunzitsiwa, alilila nyumba ya bamai bake." Nthungululu zawirikiza.

Ndiye pakubwera mlongo wa apongozi ake a Tiya, mayi wathupi lake, atanyamula mphatso ya poto. Awerama kuti aike, mutu wagunda maluwa. Aima. Agwedeza phewa. Agwedeza linalo. Adumpha, poto uko, ayamba kudzimenya m'khosi ndi m'chiuno. Oimba ng'oma aona ngati gule wawalowa, awonjezera moto. Amayi akuwomba m'manja, wina wathamanga kukawafupa. Mpaka pamene avula duku ndi wigi n'kukuwa kuti "Nyelele!" m'pamene ng'oma zaleka.

Ba Anti akwera pampando, azula ntchito yanga yonse ndi dzanja limodzi, adutsa nayo pakati pa anthu atainyamula patali ndi thupi, akaiponya m'ngalande.

Nthawi yonseyo Tiya sanasunthe ngakhale chala.

Lamulungu

Kutchalitchi sindinapite. Nsapato zandisiyira matuza. Simbi ndaikwecha ndi mchenga, ndabweza, amake Juniya ailandira osandiyang'ana.

Masana kwabwera Tiya, yekha, wadumpha zithaphwi zonse za mu Kanyama. Wakhala pabedi, watsitsa kolala. Khosi lonse ndi msana zili ndi zitupsa, wapakapaka mankhwala oyera. Diresi la ukwati ndi lotsegula kumsana, ndipo ukwati ndi mwezi uno.

Ndamufunsa kuti anayamba kuzimva liti. Akuti atangokhala pansi. Ndamufunsa chifukwa chake sananong'oneze mlangizi, akanamusuntha mpando. "Sembe bonse baona kuti ni maluba yanu. Nenze kufuna bakutamandeni mpaka posiliza."

Ndamupaka mankhwala pamene dzanja lake silifika, chitupsa chimodzichimodzi. Tayamba kuseka za wigi ija mpaka m'mimba kupweteka, kenako taleka.

Ponyamuka waima pakhomo, akupotokola ngodya ya chitenje ngati ali mwana. "Ba sisi, musakalipe. Pa ukwati, chonde napapata, mukankhale chabe ku mapoto."

Akananena ba Anti ndikanalimbana nawo mpaka chaka chamawa. Koma wanena ndi Tiya.

Ndamuuza kuti tsikulo ndidzafika m'mamawa, ndidzabwera ndi sopo wanga.