Mmene ndinamangitsira chidole cha mng'ono wanga

Pa mabodza onse amene ndanenapo (ndipo si ochepa), pali limodzi limene mpaka lero limandidya mumtima. Linamangitsa chidole chosalakwa.

Tinkakhala ku Mtendere, masiku aja a chipani chimodzi, pamene amayi ankalawirira kumzere wa shuga n'kubwera dzuwa litapendeka, nthawi zina chimanjamanja. Ine, mtsikana wa zaka khumi ndi ziwiri, ndinkatsala ndi mng'ono wanga Tisa, mwana wolira ngati anachita kulembedwa ntchito. Chomutonthoza chinali chimodzi basi: Mariya, chidole chimene amayi anamusokera ndi nsanza za chitenje cha chipani. Pamimba pa Mariya panatsalira theka la nkhope ya Pulezidenti.

Tsiku lina, pofuna mpata wokasewera chiyato, masewera a timiyala, ndi anzanga, ndinauza Tisa kuti zidole zimadzuka pamene palibe woziona. "Tsinzina, unkhale zii. Mariya azayenda." Anatsinzina. Ndinachotsa Mariya pamphasa n'kumuika pawindo. Tisa sanalirenso tsiku lonse.

Ndikanalekera pomwepo, koma ine zinthu zikandikomera sindimva. Mawa lake ndinapaka Mariya nyenyeswa za chitumbuwa pakamwa. Mkuja ndinadinda timapazi m'fumbi ndi chala (ndinkadziyesa katswiri, chitsiru ine). Tsiku lachinayi ndinamukhazika pakhomo pa aneba athu, mayi amene tinkawatcha bana Mulenga, osaganizako n'komwe kuti nkhuku zawo zitatu zinali zitangofa sabata lomwelo.

Bana Mulenga anatuluka ndi beseni, n'kupeza kanthu kakuwayang'ana ndi maso a mabatani.

"Nindani waika ichi pakhomo panga?"

"Palibe," anayankha Tisa monyadira. "Abwela yeka. Amayenda, amadya na vitumbuwa. Onani mapazi yake!"

Beseni linagwa. Posakhalitsa mzere wonse wa nyumba unali pamenepo, ena ndi mchere m'manja, ena ndi Baibulo, mayi wina ndi mbaula yoyaka kale. Anaitanitsa a tcheyamani a sekishoni, nthambi ya chipani m'dera lathu, bambo amene ankaweruza chilichonse, ngakhale ndewu za pampopi.

"Tenthani! Ni vamfiti ivi!" anthu anakuwa.

A tcheyamani anatembenuza Mariya ndi kamtengo. Ataona nkhope ija, thukuta linawatuluka.

"Imwe, mufuna nitenthe nkhope ya ba Pulezidenti? Mufuna nikagone mu selo?"

"Manje tichite bwanji, ba Tcheyamani?" anafunsa bana Mulenga.

"Chizayenda ku ofesi. Tizachifufuza."

Pamene ankamukulunga m'nyuzipepala, Tisa anandikoka diresi, misozi ili chuchuchu. "Ba sisi, bauzeni kuti Mariya ni wabwino."

Apa ndi pamene ndinayenera kutsegula pakamwa. Mawu ake anali awiri okha. Koma ndinayang'ana khamu lija, ndinakumbukira lamba wa bambo, ndipo ndinangoti ndwii ngati mlendo wodutsa. Mariya anapita ali m'khwapa mwa a tcheyamani, miyendo ikulendewera kunja kwa nyuzipepala. (Zofufuzazo sindikudziwa ngati zinatha. Chipanicho chinachoka m'boma tisanamve zotsatira.)

Amayi atamva, sanafune mlandu ndi sekishoni. Anangosoka chidole china, cha nsalu yopanda nkhope ya aliyense. Tisa sanachikhudze n'komwe. M'malomwake, masana aliwonse ankakhala pachipata, atatsinzina mwamphamvu mpaka nkhope kukwinyika, kuti Mariya apeze mpata wobwerera yekha. Anachita zimenezi milungu ingapo.

"Ba sisi, afika? Nisegule menso?"

Ndipo ine, m'malo moulula, ndinkati, "Lindila pang'ono."

Ndikanakonda kunena kuti ndinaphunzirapo kunena zoona msanga, koma lingakhale bodza linanso. Tisa lero ali ndi zidzukulu, timaonana pa maukwati ndi pa maliro, ndipo nthawi zonse ndimati ndimuuza ulendo wamawa. Zimandichititsa manyazi kwambiri, n'chifukwa chake ndachita kulemba.

Tisa mng'ono wanga, tsegula maso. Ndinali ine.