Tchuthi Changa cha ku Chambe

Lolemba

Andisudzula. Alamu anga a Muwawa abwera m'mawa ndi mawu okoma: mwakhala nafe bwino, mlongo wathu munamuika m'manda mwaulemu, tsopano ndinu omasuka. Omasuka! Nyumba ndinamanga ine, mapeyala ndinadzala ine, koma dothi ndi la kuchikazi. Imvi zonsezi ndikadali mkamwini. Mwana wanga Esinati akubwera Lamulungu kudzanditenga, ndizikakhala naye ku Blantyre.

Ndisanachoke ndikwera phiri.

Moyo wanga wonse ndakhala ndikusenza zikwama za alendo kupita nazo pamwamba pa Mulanje. Iwo manja lendelende, ine mapoto ndi mabulangete kumsana. Iwo pa matiresi m'nyumba ya alendo ku Chambe, ine m'khitchini mwa mlonda, utsi m'maso. Amati ali pa tchuthi. Nanenso ndikufuna tchuthi changa: kukwera chimanjamanja, kuima paliponse n'kunena kuti "eee, kukongola!", kugona pa matiresi kamodzi.

Wonyamula chikwama changa ndi Likisoni. Ntchitoyi ndinamuphunzitsa ndine, mamina ali chuchuchu. Atamusankha kukhala tcheya wa kagulu kathu ka onyamula katundu, woyamba kumuchotsa ndinali ine. Akuti ndakalamba. Lero akuti, "Madala, ndikunyamulirani ulere." Ulere ayi. Mlendo amalipira. Ndamupatsa mbuzi yanga. Ku Blantyre ikadya chiyani?

Tinyamuka mawa.

Lachiwiri

Chikwama ndalongedza:
bulangete
makaka a chinangwa
nyemba za kalongonda zophika
masamba a tiyi ndi shuga wa ku Chinakanaka
jekete la ukwati
mwala wonolera nkhwangwa

Mwalawo sindikagwiritsa ntchito. Ndikufuna Likisoni aumve.

Wailesi: mvula yamphamvu ya mabingu m'maboma a kummwera, anthu a m'mbali mwa mapiri asamale. Likisoni akufika wopanda nsapato zokwerera. "Madala, mwamva? Lamulo ndi lamulo." Chidutsireni napolo kuno, kagulu kanagwirizana kuti wailesi ikachenjeza palibe wokwera. Ndikumuonetsa kumwamba. Akundionetsa wailesi.

Dzuwa tsiku lonse. Phiri lili mbee, mitengo ya pamwamba yochita kuwerengeka. Amayi a m'mudzi ayanika chinangwa, chauma. Ine ndakhala pakhonde ndi chikwama ngati wodikira basi.

Dontho olo limodzi!

Lachitatu

Za nyengo lero:
Wailesi yathu ikuti mvula.
Foni ya Likisoni ikuonetsa kamtambo kolavula mphezi. Pofika masana ikuonetsa kadzuwa. Kenaka moto watha.
Wakabaza wa ku Muloza akuti wailesi ya ku Milanje, ku Mozambiki, ikungoti shuva, shuva, ndiye mvula m'chiyankhulo chawo, koma sakudziwa ngati ndi ya kuno kapena ya ku Beira.
Linthumbu ladutsa kuseri kwa khola, ndiye kuti mvula.
Bondo langa likuti mvula, koma ili limanena choncho chaka chonse.

Onse agwirizana. Sitikwera.

Dzuwa lowaula.

Amene amanena za nyengoyo ali mu ofesi ya magalasi, phirili sanaligwirepo ndi dzanja. Akanama samulipitsa. Mawa amabweranso ndi mawu omwewo, osachita manyazi. Ine ndinangoterereka kamodzi ndi poto wa mzungu, ntchito inathera pomwepo.

Alamu abwera ndi mdzukulu wawo wamkazi amene adzalowe m'nyumba muno. Akuyang'ana malata, akugogoda zitseko. Mtsikanayo akuti, "Agogo, bediyi mutenga?" Ndili pomwepo, ndikupuma.

Lachinayi

Wailesi: nyengo yabwino, dzuwa m'madera ambiri. Mwamva! Likisoni akubwera, akusenza chikwama, akuti "Mhu!" Mtima wanga mbee. Ndavala jekete la ukwati, ndili patsogolo, manja m'thumba. Ana akunditsatira. Ndikuwabayibitsa ngati mlendo.

Tisanamalize minda ya tiyi, kumwamba kwada bii. Mphepo yozizira. Kenaka chimvula chosaona mnzako.

Mtsinje ukulira. Si madzi okha, ndi miyala ikugundana pansi, gudugudu. Phokoso limenelo tonse timalidziwa. Tsiku la napolo linayamba choncho, ndipo mabanja a kutsidya, amene tinkabwerekana nawo makasu, mpaka lero sitinawapeze. Pamene panali nyumba zawo pali miyala yaikulu ngati nkhokwe.

Palibe woitana mnzake. Mudzi wonse ukuthamangira ku tchalitchi cha pamtunda, mphasa pamutu, ana kumsana. Ine ndi Likisoni tili pakati pawo. Takhala m'menemo masana onse. Palibe woyimba. Mayi wina akungowerenga ana ake, kumaliza, kuyambiranso.

Madzulo mvula yakata. Mtsinje sunasefukire. Anthu akutuluka mwakachetechete. A Muwawa akundiyang'ana jekete lonyowa: "Alamu, tchuthi chayenda bwanji?"

Ndalivula, ndalifinya.

Lachisanu

Wailesi sinapepese. Ikuti namondwe akuchokera ku Mozambiki. Kumwamba kulibe ngakhale kamtambo kophimba nkhuku.

Zotsala:
Kalongonda wasasa, ndataya.
Shuga wasungunukira m'bulangete. Nyerere zadziwa.
Makaka ndadya theka, podikira.
Jekete lafupika manja.
Mwala uli bwinobwino.

Mbuzi yathawa kwa Likisoni, yabwerera m'khola mwake. Ndaibwezanso. Pobwerera ndadzera kumanda kwa amake Esinati. Ndazula udzu. Iwowa ankati, "Mukwera phirilo mpaka liti, anzanu akugwira ntchito ku esiteti?" Ndawauza kuti ndatsala kamodzi. Manda amenewanso ndi a kuchikazi, ine sadzandiika pano.

Madzulo wailesi ikuti namondwe uja wakhotera kunyanja yaikulu. Wakhota yekha, ngati njinga! Likisoni akuti, "Mawa, madala. Kaya anene chiyani, mawa."

Loweruka

Kunja kwacha bwino. Tanyamuka. Jekete ndavala chomwecho.

Minda ya tiyi tadutsa. Bulugamu tadutsa. Pachitunda choyamba, pamene kale ndinkathamangapo ndi katundu wa anthu awiri, ndikuima. "Eee, kukongola!" Likisoni akuima, akuyang'ana. Kukuoneka denga la chigayo.

Tikuyenda pang'ono. "Kukongola!" Tikuyendanso. "Kukongola!" Kachisanu mawu sakutuluka. Chifuwa chikulira ngati mpopi wa njinga. Likisoni akuti, "Alendo amapumula, madala. Khalani pamwalapa." Sakuseka. Bola akanaseka.

Ndakhala. Chambe ali uko, pamwamba, sanasunthe n'komwe. Ndikuyang'ana kummawa, kumadzulo, kufuna mtambo. Umodzi wokha, wakuda, kuti tinene kuti mvula yatibweza. Sabata yonse akhala akundilonjeza mvula. Lero ndikuifuna, kuli mbee mpaka ku Mozambiki.

Ndikuti ndidzuke, bondo lakana. Lauma gwa ngati chikuni.

Likisoni akutsegula chikwama kuti apeze chomangira. Akutulutsa mwala. Akuutembenuza. "Madala, uwunso umapita ku tchuthi?" Akuuika pansi bwinobwino, chikwama akuchibisa m'tchire, akugwada. "Kwerani."

Ndakana. Ndakananso. Dzuwa likupendeka. Ndakwera.

Watsika nane njira yonse, ine kumsana. Amaponda mmene ndinamuphunzitsira, chammbali, chidendene choyamba. Amayi otola nkhuni atiima pambali. Wina akuti, "A tcheya, katundu wa lero ngovala jekete!" Anzake akumugwira pakamwa. Pafupi ndi mudzi ndikuti anditsitse, anthu angaone. Wanditsitsa kuseri kwa nthochi, wandidulira ndodo. Akuti, "Tikanena kuti foni inaonetsa mphezi."

Wondichotsa ntchito uja. Ndipo sanalakwitse. Chimenecho ndiye sindidzamukhululukira.

Lamulungu

Wailesi ikuti mvula. Sindinayang'ane kumwamba.

Esinati wafika ndi galimoto yahayala tchalitchi chisanatuluke. Tapakira zovala, mpando umodzi, nkhwangwa. Bedi ndasiya. Mdzukulu wa alamu wayamba kale kusesa, ife tisananyamuke. A Muwawa andigwira dzanja ndi manja awiri, akuti ndizibwera kudzacheza. Kudzacheza pakhonde langa.

Likisoni wabweretsa chikwama chija ndi nanazi ziwiri. Esinati akufunsa, "Ababa, kuphiri kuja munakwera?" Likisoni akuyankha msanga, "Nyengo, achemwali. Chaka chino nyengo yavuta." Ine ndikumanga chingwe cha nsapato chomangamanga kale.

Ndikulemba izi pabondo, galimoto ikugwedeza. Tadutsa Chinakanaka. Phiri lili kumbuyo, lonse, loyera, ndipo khosi langa silitembenuka bwino. Esinati wandiona. Akundisisita paphewa: "Musadandaule ababa, kwathu ku Ndirande kulinso phiri."

Ndinaliwonapo. Ndi chulu.

Mwina chimenecho ndingakwere.