Tambala wa Che Galo

Mu Kabwata monse, ku Lusaka, munthu akaona Che Seifu akubwera ankasintha njira, poopa kuuzidwanso chiyambi cha dzina la Galo. Anali mmisiri womanga nyumba wochokera ku Nyasalande, ndipo dzinali analitola kwa Mtaliyana amene ankamanga naye nyumba za azungu ku Kabulonga. Mtaliyanayo pobwerera kwawo anawasiyira chipewa, Che Seifu nkudzitengera ndi dzina lomwe.

"Galo ndiye kuti tambala," ankatero, atakugwira dzanja kuti usathawe. "Kalekale ku Italiya, munthu woyenda monyada kapena wa mawu aakulu ankamutcha choncho. Lero eni dzinali ndi ochuluka ngati mchenga."

Pachitseko pawo anajambulapo tambala wakuda, wamkulu ngati mbuzi.

Tsono m'chaka cha 1960 tambala wakuda sanali nkhuku wamba. Anali chizindikiro cha chipani cha kwawo cholimbana ndi Chitaganya, ndipo tinkamva kuti mlendo wokayikiridwa amamukweza lole ya ku Fort Jameson, kumalire a Nyasalande, osatsazika ndi mkazi yemwe. Tsiku lina masana anatulukira kapitawo wa apolisi, Kampamba, kabuku kali m'manja. Ife oyandikana nawo tinasuzumira m'mipanda, mitima ili m'mwamba.

"Ba Seifu, ni cani ici pa citseko?"

"Ndi banja lathu limenelo!"

"Muli bangati?"

"Zikwizikwi! Kumpoto tiliko, kummwera ndiye osanena. Kukacha, woyamba kudzutsa anthu ndani?"

Kampamba ankangolemba. Mayi Nuria, akazi a Che Seifu, anakhala pansi.

"Mailo nibwela na bwana," anatero Kampamba potseka kabuku, kutanthauza kuti abwera mawa. "Mumange katundu."

Atachoka, Mayi Nuria anatenga ndowa ya laimu nkuiika pamapazi pa amuna awo.

"Fufutani, bambo."

"Dzina safufuta."

"Dzina la eni ake! Mwini wake ali phee kwawo, inu mukagone m'lole? Ana asanu awa ndiwadyetsa chipewa?"

Che Seifu anakhala moyang'anana ndi chitsekocho mpaka dzuwa kupendeka, kenaka anatumiza utoto.

M'mawa galimoto inaima, nkutsika mzungu wofiira makutu. Anayang'ana chitseko, nayang'ana Kampamba. Chofiira cha pamutu pa tambala uja panalibe, mchira unali wodulidwa, ndipo pansi pa nkhukuyo panali mazira anayi oyera.

"Tambala ali kuti?" anafunsa mzunguyo m'Chinyanja chake chopindika.

"Ili ndi thadzi, bwana. Pa Chitaliyana amati Galina. Nalonso ndi dzina la banja, kungoti eni ake ndi ochepa. Chiyambi chake, mukalola ndifotokoze..." Che Seifu anatambasula dzanja kuti amugwire.

Mzunguyo anabwerera chambuyo, nakalipira Kampamba kuti wamudzutsira nkhuku yoikira. Galimoto italowa mumsewu, Mayi Nuria anaseka mpaka kulira, kenaka analira zenizeni.

Kuyambira tsikulo tonse tinkawatcha Che Galina. Ankakwiya, koma ankayankha, pakuti dzinalo ndi limene linawasunga pakati pa ana awo. Anakalambira mu Lusaka momwemo, ndipo tinawaika m'manda a Asilamu, kutali ndi Nyasalande.

Masiku ano mu Kabwata munthu umafika kumsika nthawi yabwino, wopanda wokuchedwetsa. Ine ndikafika msanga choncho, ndimasowa chochita ndi nthawi yotsalayo.