Mbuzi ya Chitengwa

Lolemba

Ndatsimikiza. Lamulungu likudzali ndikupempha chitengwa. Ndakhala pa chikamwini kuno kwa Nachisaka mpaka ana awiri. Nyumba ndamanga, nkhokwe ya apongozi ndaluka, chigafa cha fodya ndaimika. Tsopano ndikufuna kutenga mkazi wanga Nachisale ndi ana, tikakhale kwathu ku Chezi. Amayi ali okha kumeneko. Madzi akutunga okha, nkhuni okha, munda wa malemu abambo wasanduka tchire. 

Wovomera kapena kukana ndi mmodzi: a Jelemiya, atsibweni ake a Nachisale, eni mbumba. Munthu wabwino ndithu, kungoti mawu awo amatuluka ofewa pakamwa pakakhala mafuta. Ndani sadziwa za a Jelemiya ndi kanyenya? Akamva fungo la nyama yootcha amatsika njinga ngakhale pa mtsetse.

Ndiye nzeru yanga nayi: mbuzi. Yofula ija, yonenepa, ndinagula nditagulitsa fodya. Ndiwaotchera kanyenya woti chibadwire sanalaweko. Akakhuta, ankhoswe anga n'kutula nkhani. Akane bwanji?

Zofunika:
makala
mchere
tsabola wa kambuzi
mandimu
luso (ili ndilibe, koma sabata ndi yaitali)

Nachisale ndamuuza. Wangoti, "Ee, yesani," n'kupitiriza kupeta chimanga. Ndili ndi mwayi ine, mkazi sanditsutsa.

Lachiwiri

Ku Malomo, ku Ntchisi uko, kukaphunzira. Ndakwera lole ya fodya, pamwamba pa mabelo, fumbi mpaka m'mano. Pachipata cha msika anyamata a malaya ofiira akufunsa makadi a chipani. Langa lili m'chipewa, lanyowa ndi thukuta koma likuwerengeka. Ndalowa.

Pansi pa mkuyu, kuseri kwa ogulitsa usipa, ndi pamalo pa Che Yusufu. Bwenzi la a Jelemiya la pabawo, ndipo nyama yawo ndi imene a Jelemiya amaitchula akamafotokozera ana za kumwamba. Ndakhala pa chitsa, maso tong'o.

Ku Malomo nyama saimiza m'mafuta. Tizidutswa ting'onoting'ono, pa waya, makala atasiya kulilima. Mchere, kambuzi wosinja, ndimu pamapeto, basi. Pambali nthumbwana, matumbo okulunga bwinobwino pa chifu, zikungolira pamoto. Ndalawa kuti ndimvetse. Ndalawanso poti koyamba sindinamvetse bwino. Mayo ine, kukoma kwake!

Che Yusufu akuti ife a ku Dowa nyama timaikazinga ngati mandasi. Akutinso a pa Mponela amafulumira, amangoionetsa moto n'kugulitsa. Ndangoseka nawo, mlendo ndine, komanso pakamwa panali podzaza.

Che Yusufu avomera kubwera Loweruka kudzazinga mbuzi, agone kwa a Jelemiya, Lamulungu adye nafe. Iwo ndi Asilamu, nyama yozinga ine sangaikhudze. Ulemu waukulu umenewu. Khosi ndi la wozinga, zimenezo n'zodziwika. Apemphanso zam'kati, akuti nthumbwana zimafuna manja ozolowera. Ndavomera ndi mtima wonse. Mbuzi ndi yaikulu.

Lachitatu

Mudzi wonse ukudziwa. Nachisale akuti sanauze munthu, anangofunsa pachitsime ngati wina ali ndi mchere wambiri.

M'mawa alamu anga a Fulaye, achimwene ake a Nachisale, aja anagwira m'migodi ku Joni. Afika ndi chipewa chawo cha nthenga, azungulira mbuzi, aigwira pantchafu. Akuti za tizidutswa n'za ana asukulu. Ku Joni amadula chinyama chachikulu ngati nsapato, n'kuchiviika mu mowa, n'kuchiponya pamoto chonsecho. "Alamu, ndipatseni mwendo wakumbuyo ndikuonetseni chizungu." Mlamu samanidwa, makamaka sabata ino.

Madzulo apongozi. Aima kuseri kwa nkhokwe, ine kuno ndayang'ana khoma monga mwa ulemu, mawu akudutsira mwa Nachisale. Akuti kumapiri kuno nyama yeniyeni ndi yowamba pa utsi wa zitsononkho, pang'onopang'ono, osati zothamanga za pamsika. Akufuna mwendo wakutsogolo. Ndauza khoma kuti zikomo kwambiri, n'zimene ndimaganiza.

Yatsala miyendo iwiri, nthiti, msana. A Jelemiya ndi munthu mmodzi, mimba ndi imodzi. Zikwana.

Anthu a kuno ngokonda kuphunzitsa mnzawo, ndaona. Kwina ukanafa osadziwa kuti nyama ili ndi njira zambiri chonchi.

Lachinayi

A tcheyamani a m'dera lino. Moni wautali. Afunsa ana, afunsa fodya, afunsa chifuwa changa cha chaka chatha, maso ali pa mbuzi. Akuti kukubwera alendo ochokera ku boma kudzachititsa msonkhano, banja lililonse likupereka kanthu mwa kufuna kwake, ndipo amva kuti ine ndikufuna. Ndikufunadi. Kodi ndingalembe china m'kope muno? Mwendo wina wakumbuyo wapita. Ndaomba m'manja, ndawaperekeza mpaka pamsewu. Ndikuthokoza kuti sanatenge yonse ndi chingwe chomwe.

Masana uthenga wochokera ku Chezi, wabwera ndi wogulitsa mphasa. A Pindani, atsibweni anga, amenenso ndi ankhoswe anga, afika Loweruka. Akuti ndisawachititse manyazi ndi nyama youma ya ku Ntchisi. Mwana wa ku Chezi amakazinga pa chiwaya, nyama isambire m'mafuta ake omwe, anyezi ndi tomato pambali, monga amachitira a pamsewu wa ku Salima. Nthiti ndiwasungire, adzakazinga okha. Munthu wodzandiyankhulira ndingamumane nthiti?

Wa mphasa uja wanenanso kuti amayi anagwa ndi ndowa pobwera kuchitsime, bondo latupa. Anamuuza kuti asandiuze.

Chiwindi ndi cha amayi. Mano anatha, chiwindi chofewa ndicho amakonda, abambo ankawasungira nthawi zonse. A Pindani adzawatengera pobwerera. Ichi chokha sindipatsa munthu, ngakhale abwere ndi ng'oma.

Lachisanu

Chiwaya! Ndachibwereka kwa a Dausi okazinga nyama pamphambano, ndachisenza pamutu kukwera phiri lonse lija, mwaye mpaka m'makutu. Ndachitula pabwalo monyadira. Nachisale wachinunkhiza, wandiyang'ana. "A Dausi aja samakazinga nkhumba?"

Amakazinga nkhumba. Zaka zonsezi, nkhumba yokhayokha, ndipo ineyo ndi kasitomala wawo. Ndiye Che Yusufu, mlendo wa a Jelemiya, akhale pamphasa kuonerera anzawo akudya? Ndatsika nacho phiri. A Dausi aseka mpaka kugwira mtengo. A Pindani adzakazingira m'phale, asakwiye.

Waya wootchera ndapanga ndekha, ndi masipoko a njinga yanga. Gudumu lakumbuyo linali lopindika kale. Ku Chezi ndidzapita wapansi, bola ndidzapite.

Ndayesera luso pa chinangwa. Kunja chapserera, m'kati chachiwisi. Ana adya, akuti sichikuipa kwenikweni. Ana abwino.

Mwendo wotsiriza: mng'ono wake wa Nachisale ali ndi pakati, ndipo akuti chimvereni za mbuzi sakupeza tulo. Wapakati samanidwa chimene walakalaka, mudzi ungakudye wamoyo. Mwendo wapita.

Zanga zotsala, mbuziyo ili chiimire ikudya mpanda, yosadziwa kanthu:
msana
mutu
ziboda
chikopa
mchira
chiwindi (cha amayi)

Akuti msana uli ndi nyama yofewa kuposa mwendo. Mulungu ngwabwino, mbuzi anaipatsa msana.

Loweruka

Che Yusufu afika ndi mpeni wawo wokulunga m'nsalu. Apemphera, azinga, mwaukhondo, mbuzi sinavutike. Pabwalo anthu ndi mbale zawo ngati pachigayo. Aliyense akutenga chake molongosoka, akundithokoza, ine ndikuwathokoza pondithokoza.

Chikopa, oimba ng'oma. Mutu ndi ziboda, azimayi amene atunga madzi ndi kutsuka matumbo. Akuti n'zawo kuyambira makolo. Ku Chezi lamulo limeneli sindinalimvepo, koma ndani angatsutse azimayi atagwira mipeni?

A Pindani afika ndi njala ya ulendo, miyendo yoyera ndi fumbi. Akuti akapanda kudya lero, mawa mawu sadzatuluka. Nthiti n'za mawa, ndiye ndawaotchera msana pa masipoko anga, monga ndinaonera ku Malomo. Theka lapserera, theka adya. "Ndiwe mwana wabwino, mphwanga, koma kuotcha usiye."

Chiwindi chasowa.

Ndinachiika m'mbale pakhonde, ndatembenuka kupereka ziboda, pobwerera mbale ili mbee. Galu wa apongozi akudzinyambita pansi pa nkhokwe. Galu wa apongozi sungamugende, sungamukalipire, ungomuyang'ana. Apa pokha ndalephera kuthokoza. Ndapita kuseri kwa chigafa, ndalira ndithu, bambo wa ana awiri.

Mawa a Jelemiya akubwera kudzadya kanyenya woposa onse m'mapiri muno. Ndili ndi mchira.

Lamulungu

Titaweruka ku tchalitchi ndayala mphasa pansi pa mango, ndaika mchira pa masipoko, ndauthira mchere, ndaufinyira ndimu. A Jelemiya akhala pansi. Akuyang'ana mchira, akuyang'ana ine, akuyang'ananso mchira.

Kenaka mbale zayamba kubwera. Che Yusufu ndi khosi ndi nthumbwana, zootcha chimalomo. A Pindani ndi nthiti za m'phale, mafuta ali chuchuchu. Apongozi atumiza yowamba, fungo la utsi kufika kumsewu. A Fulaye ndi nsapato yawo ya ku Joni, yolimba ngati nsapatodi, koma ukapirira nayo imakoma. Wapakati wabweza mwendo wonse wophikaphika, akuti fungo la mbuzi layamba kumunyansa. A tcheyamani atumiza moni.

Sindinawapemphe. Angobwera, aliyense wanyamula yake pamwamba kuti anzake aione. Maso anga anyowanso, ndanamizira utsi.

Mkangano wabuka: yaposa ndi ya kuti? Che Yusufu akuti Malomo. A Pindani akuti nyama yopanda mafuta ndi chilango. A Fulaye akuti tonse sitinayende. Kuseri kwa nkhokwe kukumveka kuti utsi. A Jelemiya akungodya mbale zonse motsatizana, maso ali chitsinzinire, mafuta mpaka m'zigongono. Mchira nawonso adya. Mtima wanga uli m'malo, ndikuona kale denga la amayi.

A Pindani atsokomola, aomba m'manja, atula nkhani bwino lomwe. Za amayi, za bondo, za munda. Sanaiwale kanthu, msana uja unagwira ntchito.

A Jelemiya asamba m'manja, apukuta pakamwa.

"Chikhalire changa m'mudzi muno, sindinaonepo mkamwini wodyetsa mudzi wonse, iye n'kutsala ndi mchira. Munthu wotere tingamupereke? Khalani kaye, bambo. Chaka chamawa tidzaimvanso nkhani yanu."

Ndipo andipatsa kamwana ka mbuzi ka m'khola mwawo kuti ndiwete. Aliyense pamphasa wadziwa ntchito ya kambuzi kameneka. Che Yusufu akayang'ana kale pakhosi. Ndalandira ndi manja awiri, ndathokoza.

Basi. Ndikadali mkamwini. Njinga ilibe gudumu, mbuzi yatha, luso sindinalipeze. Koma anthu adya, ayamika, ndipo palibe wanditukwana. A Pindani akuti ndikanaotchera a Jelemiya ndekha, nyama yopserera ija, bwenzi atandithamangitsa lero lomwe ndi mkazi yemwe.

Dzuwa likupendeka, ndikulemba izi pakhonde. Nachisale watuluka ndi kamphika kovundikira, wakaika pamiyendo panga. Ndavundukula. Chiwindi. Chathunthu, chowamba pang'ono, chothira mchere. Anachibisa m'nkhokwe dzulo anthu a mbale asanachione. Galu ndamupepesa chamumtima.

"Mawa m'mamawa tikawaone amayi," akutero. "Kukacheza sikufuna ankhoswe."

Ndafunsa kuti tikacheza masiku angati. Iye akungomanga katundu. Mphasa, mabulangete a ana, lichero, makasu onse awiri, mbewu ya mtedza. Panopa akufunsa ngati ndingathe kusenza mtondo uku ndikukoka kambuzi.

Ndingathe.