Chala Chotupa Sabata ya Ukwati

Lolemba
Chala chachikulu cha kuphazi chatupa ngati mbatatesi ya ku Bembeke. Chikutentha. Bulangete likangochikhudza, ndikukuwa. Chonsecho Lamlungu ndine woperekeza Aginesi, mwana wa malemu mlongo wanga, kuguwa pa ukwati wake. Nsapato ilowe basi!

Lachiwiri
Kuchipatala. Adokotala akuti ndi gauti: timchere tosongoka taunjikana m'mfundo. Ati m'thupi muli asilikali otchedwa makrofeji, ntchito yawo kumeza tizilombo. Tsono angawa akumeza timchereto poyesa adani, n'kumaitana anzawo. Kutupa ndi kutenthaku ndi nkhondo yawoyo. "Tsiku lina amakupulumutsani, bambo, koma lero akuotcha nyumba yawo yomwe."
Malamulo:
mapiritsi
madzi ambiri
zam'kati ayi
mowa ayi
Zophweka izi. Ine ndine munthu wodziletsa.

Lachitatu
Madzi makapu asanu ndi atatu, m'chisanu chino! Kudimba sindinapite, ulendo ndi wa kuseri wokhawokha. Koma kutupa kukuphwa. Ndikuwathokoza asilikali anga mokweza. Mayi a kunyumba: "Mwayamba kucheza ndi phazi?"

Lachinayi
Kwa akuchimuna, kumaliza zokambirana. Apha mbuzi, chiwindi n'kuika patsogolo panga poti ndine malume. Ndikane bwanji? Angati tikuwanyoza. Ndadya mwaulemu. Kawiri.

Lachisanu
Mayo ine! Asilikali aja adzuka onse, ndi achibale awo omwe. Chala chili psuu. Ndayesa madzi ozizira, kuchikweza pampando, kuchinyengerera, kuchikalipira. Chosamva.

Loweruka
Nsapato yakumanzere yalowa bwinobwino. Yakumanja yakana. Ndabwereka chinsapato cha akatekisiti, nachonso chakana. Alamu anga abwera kudzandizonda ndi chipanda cha masese. "Pang'ono pokha, alamu, asilikaliwo sadziwa."
Adziwa.

Lamlungu
Ndafika kutchalitchi pa kabaza, suti pamwamba, phazi lokulunga m'chitenje. Ndikuuza Aginesi kuti apeze wina, ndingamuchititse manyazi. Iye: "Malume, amayi kulibe, abambo kulibe. Ngakhale chokwawa, tilowa limodzi."
Talowa. Kwaya yabwereza nyimbo katatu tisanafike pakati. Woperekezedwa ndakhala ine, mkwatibwi ndiye wandigwira mkono mpaka kuguwa. Misozi yatsika, anthu akuyesa ndi chala.
Kumadyerero wandibweretsera yekha mbale: kabichi ndi kapu ya madzi. Ndadya osadandaula.